Amuna Anga Anathokoza Atalephera

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndine Agnesi, mayi a Upile. Ambiri a inu kuno ku Malindi nkhope yanga mumaidziwa, koma mawu anga simuwadziwa. Si vuto lanu. Ine ndinali munthu wobisala.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5. M'kalasi imeneyo ndinalepheramo kawiri. Ulendo wachiwiri, tsiku lotsekera, aphunzitsi anaitana maina pabwalo kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Wotsiriza ndinali ine. Ana anzanga anaomba m'manja akuseka. Ndinathamanga kudutsa m'minda ya chinangwa mpaka kunyumba, ndipo kusukulu sindinapondekonso.

Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga unagwira chinthu chimodzi: ukalephera, bisala. Ndinkaopa maso a anthu kuposa mmene ndinkaopera Mulungu. Kutchalitchi ndinkabwera ndithu, koma nyimbo ndinkangogwedeza milomo. Pemphero langa linali kutsatira mawu amene ena akunena. Mumtima ndinkakhulupirira kuti Mulungu ali ndi ana ake ochita bwino, ndipo ife enafe amangotipirira.

Ndinakula motero, ndipo ndinakwatiwa motero.

Amuna anga, a Barnaba, kwawo ndi ku Nkhudzi, tsidya lina la nyanja. Anabwera kudzakhala kwathu monga mkamwini, n'kumanga nyumba kuseri kwa nyumba ya amayi anga. Ankagwira ntchito ya ukalaliki m'sitolo ya zipangizo zomangira ku boma ku Mangochi, ndipo ankapita pa njinga. Tisanakwatirane anandiuza kuti akuphunzira za ukauntanti. Anati mayeso ake ndi ambiri, pepala ndi pepala, ndipo ukamaliza onse ndi pamene umavomerezedwa kukhala akauntanti weniweni, amene makampani akuluakulu amadalira siginecha yake. Sindinamvetse zonse. Ndinangoti chabwino.

Mapepala oyambirira anakhoza, ena atachita kubwereza. Koma pepala lotsiriza linasanduka phiri.

Ndikufuna mudziwe mmene munthuyu ankakhalira, chifukwa ine ndinkaona ndi maso anga. M'mamawa amakhala ali m'munda wa amayi ndi khasu, pakuti mkamwini salima m'buku. Akachoka kumunda, kusamba, njinga, ulendo wa ku boma. Akabwerako, buku. Loweruka anzawo akamapita kukaonera mpira, iwo amayala mphasa kuseri kwa nyumba n'kumawerenga. Upile ali wakhanda ankamukhazika pamwendo, dzanja lina lili ndi buku, n'kumamuwerengera Chizungu cha misonkho mpaka mwana kugona.

Nyengo ya mayeso ikakwana amakwera minibasi kupita ku Blantyre kukalemba. Zotsatira zimabwera pa foni. Ndinafika pozidziwa osauzidwa. Akangoyang'ana foni n'kuivundikira pamphasa, ndiye kuti zavutanso.

Atalephera koyamba anati, "Ndinathamangira mafunso." Atalephera kachiwiri anati, "Nthawi inandithera." Kachitatu anangopempha madzi akumwa. M'mawa mwake ndinawapeza atatsegula buku lomwe lija, tsamba loyamba.

Anthu anayamba kuyankhula. Kudooko, kumene timakagula usipa woti tiyanike, amayi anzanga ankandifunsa kuti, "Agnesi, mwana wasukulu uja wamwa phala lero?" Wina n'kuwonjezera, "Musadandaule, Upile awapeza m'kalasi, azidzabwerekana pensulo." Onse n'kufa nazo kuseka. Ine ndinkangosenza beseni langa, nkhope ili pansi.

Amayi anga si munthu woipa. Koma anzawo anali ndi akamwini amene anapita ku Joni, n'kumatumiza malata ndi mafoni. Iwo ankangoti, "Ife tinalandira mwana wasukulu wa ndevu." Malume anga, a Mateyu, ali ndi boti ndi chilimira, khoka lalikulu lija la usipa. Anatumiza mawu kangapo kuti malo alipo, mkamwini abwere adzagwire ntchito ya amuna. A Barnaba ankayankha mwaulemu kuti, "Zikomo apongozi, koma ndatsala ndi pepala limodzi."

Ine ndinkawasirira ndi kuwakwiyira nthawi imodzi. Sindinkamvetsa kuti munthu angagwe bwanji anthu akuona, n'kudzuka, n'kusasa fumbi, osathawa.

Kenako analephera kachinayi.

Mukudziwa mwambo wathu muno. Misa ikamatha, ansembe amaitana aliyense amene ali ndi chothokoza. Wochira ku matenda, wochira ku uchembere, wokhoza mayeso, amabwera kutsogolo ndi mphatso yake. Wolephera sabwera. Sizinachitikepo. Ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti zotsatira zatuluka sabata imeneyo, chifukwa mayeso a a Barnaba anali atasanduka nkhani ya aliyense.

Lamulungu limenelo m'mawa anagwira tambala wathu n'kumumanga miyendo. Ndinaganiza kuti akukagulitsa tikaweruka. Sindinafunse. Amayi anganso ndinali ndisanawauze kuti zavutanso, chifukwa ndinkaopa pakamwa pawo.

Ansembe ataitana othokoza, a Barnaba anatuluka panja, n'kulowanso tambala ali m'khwapa, kulunjika kutsogolo.

Abale, amene munalipo mukukumbukira. Nthungululu zinang'amba denga. Amayi a yunifolomu anaimirira onse. Wa ng'oma sanadikire kuuzidwa. Mayi wina anavula chitenje n'kuchiyala pansi kuti apondepo. Amayi anga anadzuka pabenchi akuvina, n'kundikoka dzanja. "Iwe mwana, nkhani yotere kundibisira ine?" Anavina mpaka kutsogolo, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

A Barnaba anakweza dzanja. Phokoso litatsika anati, "Pepani amayi, tolani chitenjecho chisade. Sindinakhoze. Ndalepheranso."

Munali zii. Tambala yekha ndi amene anakupiza mapiko.

Anapitiriza. "Koma ndabwera kudzathokoza. Uthenga utabwera ndinkaganiza kuti ulendo uno mtima wanga usweka. Sunasweke. M'mawa mwake ndinadzuka ndikufunabe kuwerenga. Mphamvu imeneyo si yanga. Ndikamadikira kuti ndikhoze kaye kenako ndithokoze, ndiye kuti ine ndi Mulungu tikuchita malonda. Mu Disembala ndikalembanso. Mundipempherere."

Ansembe analandira tambala n'kuwasanjika manja. Kumbuyo ndinamva wina akunong'ona kuti, "Kani kulephera nakonso kuli ndi tambala wake?" Ena anaseka. Ine ndinabereka Upile n'kutuluka dalitso lisanaperekedwe.

Amayi anafika kunyumba atapsa mtima. "Mwamuna wakoyu wandivinitsa pamaso pa mudzi wonse ngati wamisala," anatero. Masana omwewo anapita kwa malume. Uthenga unaoloka kupita ku Nkhudzi, kwa a Yohana, mkulu wawo wa a Barnaba amenenso ndi nkhoswe yawo, kuti abwere tidzakambe za banja.

Masabata odikira nkhoswe anali a mdima. Kutchalitchi ndinasiya. Kudooko ndinasiya. Chakudya ndinkawaikira a Barnaba n'kutuluka osayankhula. Mumtima ndinkati, angopita kwawo, mwina anthu andiiwala.

Imvani bwino pamenepa. Munthuyu sanandimenyepo. Sanagonepo kunja. Mwana wake ankamukonda ngati diso lake. Koma ine ndinali wokonzeka kumutaya, kungoti anthu asiye kundiyang'ana. Imeneyo ndiyo inali ndende yanga.

Tsiku la mlandu litafika, a Barnaba anapitabe kumunda wa amayi. Atabwerako anakhala pakhonde n'kumatsuka mapazi. Anandiitana.

"Mayi a Upile, lero akufunsani. Ndikudziwa kuti pagulu mawu amakuthawani. Mukakhala chete sindidzakusungirani chakukhosi. Za tambala uja ndinayenera kukuuzani kaye inu ndi amayi. Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndikapepesa. Koma mabuku sindisiya. Ndikawasiya chifukwa choti anthu akuseka, mudzakhala ndi mwamuna wolamulidwa ndi kuseka kwa anthu."

Sankanena ine. Koma mawuwo anandilasa. Munthu wolamulidwa ndi kuseka kwa anthu ndinali ine, kuyambira ndili kamtsikana.

Ndinalowa m'khitchini n'kugwada pafupi ndi mafuwa. Kanali koyamba m'moyo wanga kupemphera ndi mawu angaanga. Ndinati, "Yesu, ndatopa kuthawa. Ngati mumalandira olephera, ndine pano. Munditsegule pakamwa."

Sindinaone kuwala. Sindinamve mawu. Ndinangolira. Koma nditadzuka, chinthu cholemera chimene ndinachisenza zaka zonse zija chinali chitasuntha pang'ono, ndipo ndinatha kupuma.

Tinasonkhana pakhomo pa malume. Anayala mphasa ziwiri, ina ya ife, ina ya a ku Nkhudzi. Malume ndiwo anayamba.

"Ife sitidana ndi sukulu. Koma sukulu ili ndi msinkhu wake. Mbumba yanga siingadye mapepala. Asankhe okha. Mabuku alowe m'bokosi, mawa akwere boti. Apo ayi, njira ya ku Nkhudzi akuidziwa."

A Yohana anaomba m'manja n'kuyankha. "Akuluakulu, mng'ono wangayu munda amalima, ntchito amagwira, mowa salawa. Mlandu wake weniweni ndi uti?"

Amayi anati, "Mlandu wake ndi manyazi."

A Barnaba anagwada. Anapepesa kwa amayi chifukwa cha zimene zinachitika m'tchalitchi. Kenako anati, "Apongozi, chilichonse mungandiuze ndichita. Nkhokwe ndimanga, ukonde ndizidzasoka Loweruka. Koma pepala ili ndilemba."

Malume anapukusa mutu. "Basi, asankha okha."

Kwathu kuno mkazi amafunsidwa potsiriza. Ndipo mwana wamkazi akaweramitsa mutu osayankha, akulu amati wagwirizana ndi eni mbumba. Malume ankandidziwa bwino. Ankadziwa kuti ngakhale moni ndimayankha ndi mutu. Anatembenukira kwa ine.

"Agnesi, banja ndi lako. Ife tanena kuti apite. Ngati uli ndi mawu, nena. Ukakhala chete, tamva."

Ndinkangoyang'ana nyerere ikuyenda pamphasa. A Barnaba anayang'ana kumbali, kuti asandikakamize ndi maso. A Yohana anausa moyo, n'kuyamba kuvala nsapato zawo. Ndinadziwa kuti akamaliza kumanga zingwe, Upile akula wopanda bambo.

"Asapite."

Malume anatchera khutu. "Wati chiyani? Kweza mawu iwe, udzudzu ukukuposa."

"Ndati asapite, malume."

Mawu anga sanabwererenso m'kati. Ndinati, "Ine ndinalephera kawiri, ndinathawa. Mpaka lero ndikuthawabe. Awa alephera kanayi, koma anakaima kutsogolo kwa tchalitchi. Ndikufuna Upile akule akuona bambo ake, asatengere ine. Akapita ku Nkhudzi, ndibereka mwana ndiwatsatira."

Amayi anagwira pakamwa. Malume anandiyang'anitsitsa. Kenako anati, "Mwana uyu ndinamunyamula ali wakhanda, koma mawu ake ndawamva lero." Anatembenukira kwa a Yohana. "Vulaninso nsapatozo, achimwene. Mwini wake wakana. Ife ndife ndani?"

Abale, pakamwa panga sindinatsegule ndine. Ine ndimadzidziwa. Ndi Yesu amene anachita zimenezo, ndipo kuyambira tsiku limenelo moyo wanga ndinaupereka kwa Iye.

Ndikanakonda kukuuzani kuti Disembala uja anakhoza. Sanakhoze. Analephera kachisanu.

Pamenepo ndi pamene chikhulupiriro changa chinayesedwa. Maganizo akale anabwera, akuti tseka chitseko, usatuluke. Ndinagwadanso. M'mawa mwake ndinatenga beseni n'kupita kudooko dala.

Mayi wina wogulitsa usipa, mmodzi wa ondiseka aja, sanachedwe. "Agnesi, mwana wasukulu uja bwanji?"

Ndinamuyang'ana m'maso. Ndinati, "Walepheranso. Mu Juni akalembanso."

Anayamba kundiyezera usipa, n'kundiwonjezera basela wambiri kuposa masiku onse. Ndikubwerera kunyumba ndinkaseka ndekha m'njira. Chinthu chimene ndinkachiopa zaka zonsezi chinalibe mano.

A Barnaba nawonso sanangopemphera n'kukhala. Anakhala pansi n'kuvomera kuti kawerengedwe kawo kanali ndi vuto. Zinthu ankazidziwa, koma ankachedwa polemba. Anapeza anzawo olemba pepala lomwelo, n'kumathandizana pa foni. Anayamba kulemba mafunso a zaka zakale mothamangitsana ndi nthawi, ngati ali m'chipinda cha mayeso. Woyang'anira mayesowo ndinali ine. Loweruka lililonse ndinkakhala pakhonde ndi foni yawo, Upile ndamutumiza kwa amayi. Ndinkati, "Yambani." Nthawi ikatha ndinkati, "Cholembera pansi."

"Mayi a Upile, mzere umodzi wokha."

"Ku Blantyre amakupatsani mzere umodzi?"

Ankaseka n'kuika cholembera pansi. Ankati ine ndine wankhanza kuposa a ku Blantyre.

Mayeso atayandikira, abwana awo a kusitolo, bambo wachisilamu amene ankawaona akuvutika zaka zonsezi, anawaitana n'kuwauza kuti, "Che Barnaba, Mulungu amakonda opirira. Khalani kunyumba muwerenge, sitolo siithawa." Mulungu amatuma amene wafuna.

Tsiku la zotsatira ndinali pathandala, ndikutembenuza usipa. Dzuwa linali pamutu. Ndinamva belu la njinga yawo, nthawi imene sabwera. Anali atapalasa kuchokera ku boma osapuma, malaya ali chonyowa, thalauza itang'ambika ndi tcheni. Anatsika. Anangonditambasulira foni. Chizungu sindiwerenga bwino, koma nkhope ya amuna anga ndimaiwerenga. Tinagwada pamchenga wotentha pomwepo. Munthu amene sanalire ulendo uliwonse umene analephera, analira tsiku limene anakhoza.

Amayi sanayankhule nawo maso ndi maso, monga mwa ulemu wa chipongozi. Koma anapha nkhuku yawo yoikira, imene ankaikaniza ngakhale pa Khrisimasi, n'kundituma kuti, "Kawapatse bambo a Upile." Malume nawo anayenda dooko lonse akuuza anthu kuti, "Ine ndinkadziwa kale. Mutu umene uja si wa pa boti."

Ulendo sunathere pamenepo. Panatsala zaka zogwira ntchito pansi pa akuluakulu a ukauntanti, ndipo malo anapezeka ku Blantyre. Zinafunika kuti a Barnaba akapemphe kwa malume kuti anditenge. Anapita ndi a Yohana, n'kugwada monga kale. Malume anati, "Mutengeni. Koma nyengo ya mango izikupezani kuno." Chaka chino anawalandira m'gulu la maakauntanti ovomerezeka. Satifiketi ili pakhoma kunyumba kwathu.

Ine ndikaiyang'ana satifiketiyo sindiona tsiku limene anakhoza. Ndimaona m'mawa uja atalephera kachitatu, atatsegula buku tsamba loyamba, tiyi asanamwe. Anthu amati amuna anga ndi anzeru. Anzeru alipo ambiri. Chimene ine ndinaona mwa iwo n'chakuti sanalole kuti kulephera kuwauze kuti iwo ndi ndani. Zimenezo anamusiyira Mulungu. Anandilalikira zaka zambiri osatsegula pakamwa, ine ndili wogontha.

Lero kuntchito kwawo kukabwera wachinyamata amene walephera pepala, amamuitanira kunyumba. Ine ndimaphika, iwo amamuuza kuti, "Walephera kangati? Kawiri? Ukadali mwana. Khala pansi tione pamene pakuvuta."

Ndikuthokoza Mulungu amene sanatope nane. Ndikuthokoza Yesu amene anandipeza ndili chogwada pamafuwa, wopanda sukulu, wopanda mawu, n'kundilandira mmene ndinalili. Anasunga banja langa. Anasungira Upile bambo ake. Anandichotsa m'manja mwa mantha. Manyazi ndikadali nawo. Koma sakundilamuliranso. Dzina la Ambuye litamandike.

Tsopano ndili ndi mawu kwa inu.

Mwezi uno zotsatira za Fomu 4 zatuluka. M'mudzi muno muli nyumba zimene muli nthungululu, ndipo tikukondwera nazo. Koma mulinso nyumba zimene zatseka zitseko. Muli mtsikana amene sakupita kumjigo masana. Muli mnyamata amene akuganiza kuti moyo wake wathera pa pepala limodzi. Muli makolo amene akuwayang'ana ana awo ngati akuba.

Inu makolo, inu akazi, inu amuna amene mukukhala ndi munthu wolephera, musamuthamangitse. Ine ndinatsala pang'ono kutero, ndipo ndikanalira moyo wanga wonse. Mupatseni madzi akumwa. Muimireni pamene ena akumuseka.

Ndipo iwe amene wagwa, Yesu sakudikira kuti ukhoze kaye. Akukufuna lero, ndi zotsatira zakozo. Muuze ndi mawu ako, ngakhale akhale ochepa. Amamva.

Ife tili kuno kwa amayi mpaka kumapeto kwa mwezi. Ngati ukuopa kulowa wekha m'tchalitchi muno Lamulungu likubwerali, tuma mawu kunyumba kwathu. Ndibwera kudzakutenga pakhomo pako. Kuyankhula zambiri sinditha, koma kuyenda ndimatha. Tidzalowera limodzi.

Amen.